Foni ya 108 MP kapena Kindle? Yankho langa kwa aphunzitsi a ku Ulongué

Aphunzitsi ena a ku Ulongué, m'boma la Angónia ku Mozambique, andilembera imelo. Asunga kandalama koma mtima uli pawiri: foni yatsopano yolembedwa 108 MP (ma megapixel, kutanthauza timadontho ta chithunzi 108 miliyoni) pakatoni yoti azijambulira ana awo, kapena Kindle yowerengerapo mabuku popeza foni ikuwapweteka maso usiku. Akuti ndiwasankhire chimodzi.

Aphunzitsi, funso lanu landikhudza, chifukwa nambala ya 108 imeneyi yadya ndalama za anthu ambiri kwathu kuno. Munthu agulitsa matumba a mbatatesi, alowa m'sitolo, ndipo chimene amuonetsa ndi nambala yaikulu ndi maso anayi a kamera kumbuyo kwa foni. Zimandiwawa.

M'kati mwa kamera muli kachipangizo kolandira kuwala kotchedwa sensa, ndipo pa mafoni ambiri kukula kwake sikuposa chikhadabo. Pamenepo ndi pamene apanikiza timadontho 108 miliyoni. Kadontho kalikonse kamachepetsetsa moti kuwala kumene kamatola n'kochepa, ngati kutchera madzi a mvula ndi tizivindikiro ta botolo. Pofuna kuthana ndi vutoli, foni imaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, ndiye chithunzi chimene mumachiona ndi cha 12 MP. Foni ya 50 MP imaphatikiza 4, n'kutulutsa 12.5 MP. Mukachitumiza pa WhatsApp, nayonso imachifinya, pokhapokha mutadina HD kapena kuchitumiza ngati dokumenti. Nanga chithunzi chotsukitsa cha masentimita 10 kwa 15 chimafuna zingati? Timadontho 1200 kwa 1800, kupitirira pang'ono 2 MP. Basi.

Maso anayi aja nawonso muwayese. Pa mafoni otsika mtengo, kawirikawiri diso logwira ntchito ndi limodzi. Enawo ndi a 2 MP oti "macro" ndi "depth". Tsegulani kamera m'sitolo momwemo, tsekani diso lililonse ndi chala, muone kuti ndi liti likuda pasikirini. Kenako pitani pakona pamene pali kamdima, wina agwedeze dzanja, mujambule, mukulitse chithunzicho. Pamenepo mpamene kamera imaonetsa mphamvu zake zenizeni. Pakatoni funani zilembo zitatu, OIS. Ndi kamakina kogwira lenzi kuti isatsatire kunjenjemera kwa dzanja lanu, ndipo madzulo m'nyumba kamathandiza kuposa nambala iliyonse. Dziwani kuti kamaletsa kugwedera kwa dzanja lanu lokha, osati kwa mwana amene akuthamanga. Ameneyo amafuna kuwala kokwanira.

Kuwalako ndiye nkhani yaikulu. Dzuwa lathu la masana ndi lankhanza pa chithunzi. Foni ikaona thambo lowala ndi khoma loyera la sukulu imachepetsa kuwala, ndiye nkhope zathu zimangoti bii. Ikani ana pamthunzi wa mtengo kapena pakhonde, nkhope zitayang'ana kowala, inu kuwalako kukhale kumbuyo kwanu. Dinani nkhope pasikirini, pabwera kachizindikiro ka dzuwa, kakwezeni pang'ono. Musakoke chithunzi ndi zala ziwiri, yandikirani ndi miyendo, chifukwa kukoka koteroko kumangodula chithunzi n'kuchitambasula. Musanajambule pukutani lenzi ndi kansalu kofewa. Zithunzi zambiri zooneka ngati zili mu utsi si vuto la kamera ayi, ndi mafuta a zala osakanikirana ndi fumbi.

Pali chinthu china chimene sindichifuna n'komwe: "beauty mode". Mafoni ambiri amabwera atayatsa kale pa kamera yakutsogolo. Imasalaza nkhope, nthawi zina n'kuyeretsa khungu, mpaka agogo kutuluka opanda khwinya limodzi. Makwinya amenewo ndi agogowo. Mwana wa khungu lakuda lokongola akule akudziona mmene alili, osati mmene makina amufunira. Zimitsani, ikani pa 0, ndipo musadzayatsenso.

Chinanso chimene ogulitsa satchula ndi kutentha. Apple ndi Amazon (kampani yopanga Kindle) onse amalemba kuti zipangizo zawo zigwiritsidwe ntchito pakati pa madigiri 0 ndi 35. Inu a ku Angónia muli kumtunda kozizira, koma mukatsikira ku Moatize ndi mumzinda wa Tete mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kumapitirira 40. Batire ya lithium imakalamba msanga ikamatenthedwa, makamaka ili yodzaza. Choncho musasiye foni padashibodi ya chapa (minibasi), musatchaje itaphimbidwa ndi pilo, musajambule vidiyo ili pachaja. Ikatentha vulani chikwama chake, ipume pamthunzi. Musaiike m'firiji chifukwa chinyezi chimalowa m'kati. Mukaona kumbuyo kukutukumuka, batire yatupa, lekani kutchaja mukasinthitse. Nyengo ya mvula, ziphaliwali zikayamba zulani chaja pakhoma.

Ndipo zithunzi zimafera limodzi ndi foni. Ichi ndiye chimandisowetsa mtendere koposa zonse. Makolo athu anali ndi zithunzi zochepa, koma zilipo mpaka lero m'sutikesi. Ife tili ndi zikwizikwi m'kachipangizo kamodzi koti kakhoza kugwera m'ndowa mawa. Google imapereka 15 GB yaulere, yogawana pakati pa Gmail, Drive ndi Photos, ndipo kuyambira mu Juni 2021 zithunzi zonse zatsopano zimawerengedwa m'menemo. Yatsani backup, yosunga makope a zithunzi zanu pa intaneti, kuti iziyenda pa Wi-Fi pokha, kuopa kumaliza ma mega a Movitel kapena Vodacom. Pasiwedi ya Gmail ilembeni m'kope, chifukwa ambiri anatsegulitsa akaunti kwa wogulitsa foni ndipo sakuidziwa. Memore khadi yotchipa modabwitsa ikayikireni: zilipo zolembedwa 128 GB m'kati muli malo ochepa, zimalandira zithunzi bwinobwino kenako zimakana kutseguka. Chaka chilichonse sankhani zithunzi zabwino mukatsukitse.

Nanga Kindle?

Apa mtima wanga umafewa, chifukwa kachipangizo aka ndimakakonda. Sikirini yake ndi ya e-ink: timipira tosaoneka ndi maso tokhala ndi utoto wakuda ndi woyera, umene magetsi amaukankhira pamwamba kapena pansi. Tsamba likakhazikika silidyanso moto mpaka mutatembenuza lina, n'chifukwa chake batire imakhala masabata. Padzuwa, pamene foni imachita khungu, Kindle ndiye imaoneka bwino koposa. Nyale zake zili m'mphepete, zimawalitsa tsamba, siziwombera m'maso. Ma Kindle atsopano ali ndi 300 ppi (timadontho 300 pa inchi iliyonse), zilembo zakuthwa bwino. Koposa zonse, mulibe WhatsApp yokusokonezani pakati pa ndime.

Koma aphunzitsi, mudzawerengapo chiyani? Ngati mabuku anu ambiri ndi ma PDF a kusukulu a tsamba la A4, pa sikirini ya mainchi 6 kapena 7 zilembo zimachepetsetsa, ndipo kukulitsa tsamba pa e-ink kumachedwa motopetsa. Matebulo ndi mapu amitundu amatuluka otuwa. Ilipo ya mitundu, Colorsoft ya 2024, koma mitunduyo imatsika kufika 150 ppi ndipo ndi yofooka. Kindle imakoma ndi mabuku a mawu okhaokha. Kuyambira 2022 Send to Kindle, njira ya Amazon yotumizira mafayilo ku Kindle, imalandira mabuku a mtundu wa EPUB, kapena mutha kulowetsa mabuku ndi waya wa USB kudzera pa pulogalamu yaulere ya Calibre. A Chipwitikizi ndi Chingerezi ngochuluka, a Chinyanja ngochepa kwambiri. Ma app a Android salowamo, ndiye Baibulo la pa YouVersion likhalabe pafoni. Kugula buku ku Amazon kumafuna khadi yakubanki yolipirira pa intaneti. Komanso pansi pa sikirini pali kagalasi kopyapyala. Mukakapanikiza m'chikwama chodzaza makope kamasweka m'kati, ndipo kupeza kena kuno n'kovuta. Gulirani limodzi chikuto cholimba.

Za maso, musafulumire kuloza foni chala. Munthu akapitirira zaka 40 maso amayamba kuvutika kuona zapafupi, ndipo mankhwala ake ndi magalasi owerengera. Kayezetseni kuchipatala musanawononge ndalama. Pakali pano ikani app yowerengera mabuku ya ReadEra pafoni, sankhani tsamba lachikasu, kulitsani zilembo, musawerengere mumdima wa ndiweyani, ndipo pakatha mphindi 20 zilizonse yang'anani chinthu chili pa mamita 6 kwa masekondi 20.

Yankho langa ndi ili. Ngati foni yanu ikugwirabe ntchito, ya 108 MP isiyeni. Ngati mumawerenga mabuku a nkhani a Chipwitikizi kapena Chingerezi, gulani Kindle. Ngati ndi ma PDF a kuntchito, Kindle isiyeninso, tabuleti ya mainchi 10 ikutumikirani bwino, ndipo ndalama yotsalayo ipite kotsukitsa zithunzi za anawo.