Za Ken Jennings ndi ndalama za mafunso a pa kanema

Achimwene, mwafunsa ngati alipo munthu amene analemeradi ndi mipikisano ya mafunso ya pa kanema, kapena ndi zongosangalatsa owonera basi. Alipo ndithu. Amene amatchulidwa poyamba ndi Ken Jennings wa ku America, katswiri wa pulogalamu ya Jeopardy!, ngakhale kuti ine ndimaona kuti anthu akamakamba za iye amangoti "mkuluyu ndi wanzeru" n'kusiya zina zomwe zinamuthandiza.

Jennings anabadwa mu 1974, anakulira ku Seoul ku South Korea komwe bambo ake ankagwira ntchito, kenako anaphunzira pa Brigham Young University. Mu 2004 anali munthu wamba wolemba mapulogalamu a kompyuta ku Salt Lake City. Anayamba kuoneka pa Jeopardy! pa 2 Juni chaka chimenecho, ndipo anapambana maulendo 74 otsatizana, n'kutolera madola 2,520,700.

Tsono mvetsani apa. Kale lamulo la pulogalamuyi linali loti munthu akapambana kasanu, basi, azipita kwawo apatse ena mpata. Lamuloli analichotsa mu 2003. Akanabwera zaka ziwiri m'mbuyo mwake, Jennings akanapambana kasanu, kulandira zake, n'kubwerera ku ntchito, ndipo ife kuno sitikanamva n'komwe dzina lake. Anafika pa nthawi yake.

Chachiwiri ndi batani. Opikisana amakhala atatu, aliyense amagwira kabatani m'manja, ndipo saloledwa kudina mpaka wotsogolera pulogalamu atamaliza kuwerenga funso, magetsi a m'mbali mwa bolodi n'kuyaka. Ukadina msanga, makina amakutsekera kwa kanthawi kochepa kwambiri, koma kokwanira kuti mnzako akulande funsolo. Ambiri amene amafika pa Jeopardy! ndi akatakwe kale, anakhoza mayeso olowera, ndipo mafunso ambiri onse atatu amakhala akuwadziwa. Ndiye mpikisano weniweni umakhala pa chala. Munthu amene wadina bataniyo kwa masabata angapo wazolowera kale mawu a wotsogolera, akudziwa pomwe chiganizo chithere, pamene anzake awiri angoligwira lero, manja akunjenjemera. Ndiye mukaona Jennings akusesa mafunso ngati ena aja sanapite kusukulu, musawaseke.

Anagwa pa ulendo wa 75, womwe unaulutsidwa pa 30 Novembala 2004. Nancy Zerg, mayi wogulitsa nyumba, ndi amene anamugonjetsa. Funso lomaliza linafuna dzina la kampani yomwe ambiri mwa antchito ake 70,000 a m'maofesi amagwira ntchito miyezi inayi yokha pa chaka. Jennings analemba FedEx, kampani yotumiza katundu, pamene yankho linali H&R Block, kampani yothandiza anthu kulemba za msonkho. Choseketsa n'chakuti kampaniyo inamulonjeza kuti izimuthandiza za msonkho kwaulere moyo wake wonse. Ndipo anafunikadi thandizolo, chifukwa ku America ndalama zopambana pa kanema boma limadulapo msonkho. Chakhumi anaperekanso ku mpingo wake wa Latter-day Saints. Choncho zomwe zimalengezedwa pa kanema sizomwe zimalowa m'thumba.

Mamiliyoni awiri ndi theka aja akanatha kudyeka n'kutha. Chimene ine ndimamutamira ndi zomwe anachita pambuyo pake. Anasiya za makompyuta n'kuyamba kulemba mabuku, ndipo Jeopardy! inkamuitanabe pa mipikisano ya akatswiri. Kumeneko anakumana ndi Brad Rutter, amene anamugonjetsa mu 2005 ndi mu 2014. Mu 2011 awiriwa anapikisana ndi Watson, kompyuta ya IBM, ndipo onse anagonja, Jennings n'kukhala wachiwiri ndi madola 300,000, theka lake n'kupereka ku ntchito zachifundo. Ngakhale pamenepo batani linali nkhani, chifukwa makina sanjenjemera.

Mu 2019 kunabwera James Holzhauer wa ku Las Vegas, amene ntchito yake inali kubetcha pa masewera. Uyu ankayambira mafunso a ndalama zambiri, n'kumasaka timabokosi ta Daily Double, momwe umaloledwa kubetcha zomwe wapeza, ndipo nthawi zambiri ankaponyapo zonse. Pa maulendo 32 okha anapeza madola 2,462,216, kungotsala pang'ono kumupeza Jennings, ndipo tsiku lina anatenga 131,127 pa pulogalamu imodzi. Jennings, Rutter ndi Holzhauer atakumana mu Januwale 2020 pa mpikisano wofuna kupeza katswiri woposa onse, Jennings anatengera kabetchedwe ka Holzhauer komweko, ngakhale sikanali khalidwe lake, ndipo anapambana miliyoni imodzi.

Alex Trebek, amene anatsogolera Jeopardy! kuyambira 1984, anamwalira mu Novembala 2020. Jennings ndi amene anali woyamba kugwirizira mpandowo, kenako ankasinthana ndi Mayim Bialik, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2023 ndiye wotsogolera yekha. Tsopano amalandira malipiro pa ntchito yofunsa ena mafunso.

Koma musaiwale anthu 148 amene anawagonjetsa mu 2004. Pa nthawiyo wachiwiri ankapatsidwa madola 2,000, wachitatu 1,000, ndipo zonse zomwe anasonkhanitsa pa bolodi zinkatsala komweko. Ambiri mwa iwo anali ophunzira bwino ngati Jennings yemwe. Ndiye achimwene, ngati muli ndi mwana wokonda mipikisano ya mafunso kusukulu, mulimbikitseni awerenge za mayiko, mbiri, sayansi, zonse, zidzamuthandiza kwina. Koma za kusiya sukulu kapena ntchito n'kumadalira mafunso a pa kanema, ayi. Jennings mwiniwake ankajambula mapulogalamu oyambawo akadali pa ntchito, akumapita ku Los Angeles n'kubwerera ku ofesi.