Imvi ziwiri zokha wayamba kale kutsanzika?

Mdzukulu wanga wa ku Lizulu wanditumizira uthenga pa WhatsApp, akuti agogo ine tulo sindikuliona. Ali ndi zaka 36, mayi ake anafa ziwalo ndi sitiroko, ndiye iyeyo mutu ukangowawa akuti basi ndi BP, mtima ukagunda akuti ndikupita, akafufuza pa foni chilichonse chikumuuza khansa. Pano wapezanso imvi. Akufunsa kuti inu mwakalamba bwanji osapenga ndi mantha?

Iwe mwana tamvera. Mantha akowo sindikuwaseka ayi, amene anasambitsapo mayi ake ali gone saiwala. Koma vuto lako ukuopa chinthu chomwe sunakachiyezetse. BP yeniyeni nthawi zambiri siwawa nkomwe, munthu amayenda nayo bwinobwino kugulitsa kachewere wake pamsika mpaka tsiku logwa, ndiye kumangomvetsera mutu ngati ukuwawa sikukuuza kanthu. Pita ku chipatala cha boma ku Ntcheu kapena ku helofu senta yapafupi akakumange kalamba koyezera BP kaja pamkono, nzaulere. Ikamapezeka 140/90 kapena kupitirira mobwerezabwereza akupatsa mankhwala, ndipo amenewo sasiya chifukwa wapezako bwino, anzanga ambiri anagwa atasiya okha ati ndachira. Uyezetsenso shuga, komanso khomo la chiberekero poti khansa imeneyo ikutha azimayi ambiri kuno ku Malawi koma akaipeza msanga amathana nayo. Zonse azikulembera m'kabuku kako ka kuchipatala.

Zoti uthamange nazo osadikira kuche ndi izi, kamwa kupotoka, mkono kapena mwendo kufooka mbali imodzi, lilime kulemera, chifuwa kuthina. Pamenepo pezani galimoto, osati kuyamba kufunsana kuti walodza ndani. Zinazi monga kuphwanya kwa thupi utalima tsiku lonse, mawondo kulira mu June kuzizira kwa kunoku, limenelo ndi thupi chabe.

Ndipo mchere chepetsa, tsiku lonse usapitirire kasupuni kamodzi ka tiyi. Ana inu chipisi cha pachiwaya mumachita kuthira mchere ngati mukufutsa nyama.

Foniyonso usiku uziyika patali. Magulu anu aja ndi uthenga wamaliro wokhawokha, wina wa ku Joni wina wa ku Mzuzu anthu oti sunawaonepo, mtima ungakhale bwanji m'malo? Ife maliro timamva a m'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana basi, tikalira, tikaika, tibwerere kumunda.

Za ukalamba ndikuuze mosabisa. Ife tinaika anzathu ambirimbiri zaka za m'ma 1990 nthawi ya Edzi, ma ARV aulere asanayambe mu 2004, anyamata ndi atsikana amsinkhu wakowu amene sanaione imvi ngakhale imodzi. Kenako Covid mu 2020, kolera mu 2022. Ndiye ine ndikaona imvi sindizula ayi. Ukalamba uli ndi zowawa zake inde, nyamakazi, mano kutha, maso kuchita ng'ala ngakhale ng'alayo ku Nkhoma amachotsa munthu nkuyambanso kuwerenga Baibulo. Koma chimene ife okalamba timaopa kwenikweni si matenda, ndi kusiyidwa wekha m'kanyumba kodontha, mwana akadwala m'mudzi zala zonse kuloza iwe kuti ndiwe mfiti. Nkhalamba zaphedwa m'dziko muno chifukwa cha zimenezi, ndipo ochita zimenezo ndi achinyamata anzako omwewa. Nkhawa yakoyo ina uipititse kumeneko, ukamva wina akunena gogo kuti ndi mfiti umudzudzule pomwepo, ana ako aziona ukukatungira madzi agogo a pakhomo loyandikana nalo.

Lolemba ulawire ukayezetse, ukatuluka undijambulire tsamba la m'kabukumo unditumizire ndione manambala akewo. Mayi akonso uwapatse moni, uziwatembenuza pafupipafupi asachite zilonda za pamphasa.