Yankho: kachipangizo ka SDR pa foni ya Android kuno ku Chipata

Achimwene, mwafunsa ngati kachipangizo kamodzi kangakuthandizeni kumva Breeze FM komanso kutsata ndege pa foni yanu. Inde, kangathe, ndipo kotchipa kwambiri ndi RTL-SDR, kachipangizo ka USB kolandira mafunde a wailesi (SDR ndi wailesi yoyendetsedwa ndi pulogalamu). Mkati mwake muli chip ya RTL2832U yomwe poyamba anaipangira TV ya digito. Kamagwira mafunde kuyambira pafupifupi 24 MHz mpaka 1,700 MHz, choncho FM (87.5 mpaka 108 MHz) ili momwemo, ndi 1090 MHz pomwe ndege zimaulutsa malo omwe zili. Kachipangizoko sikasintha, chimasintha ndi pulogalamu. Mukatsegula SDR Touch mukumva wailesi, mukatsegula ya ADS-B (njira yomwe ndege zimaulutsira malo omwe zili) mukuona ndege.

Foni yanu iyenera kulola USB OTG, kutanthauza kulumikiza zipangizo za USB pa foni. Kachipangizoka kamadya batire ndipo kamatentha, ndiye ndi kuzimazima kwa magetsi kumeneku gulani chingwe cha OTG cholola power bank.

Koma nkhani yaikulu ndi mlongoti. Chipata yazunguliridwa ndi mapiri, ndipo mafunde a 1090 MHz sadutsa phiri. Kamlongoti kobwera m'bokosi sikakwanira. Pofuna kutsata ndege, pangani kena kotalika pafupifupi masentimita 7 n'kukaimika padenga, kapena kwerani phiri la Kanjala.

Za kuulutsa: RTL-SDR imangolandira basi. HackRF One, chipangizo china cha SDR, imaulutsa, kuyambira 1 MHz mpaka 6 GHz, koma musayerekeze popanda laisensi ya ZICTA (bungwe loyang'anira mafunde a wailesi ku Zambia), chifukwa mutha kusokoneza mauthenga a ndege kapena a apolisi.