Dipoziti ndinatumiza koma mayi anga anakhala pakhonde la loji mpaka 11 koloko usiku

Asisi inu amene mwafunsa zotumiza dipoziti ku loji ya ku Zomba musanafike, musathamangire kutumiza chonde. Ndangowerenga funso lanulo mtima wayambanso kugunda ngati zachitika dzulo, chifukwa ifenso inali nkhani ya graduweshoni yomweyo ku Great Hall, amamaliza ndi mng'ono wanga, mwana woyamba kuvala gawuni pa banja pathu ponse, ndiye mukudziwa mmene zimakhalira kumudzi, mayi anali atasoketsa kale chovala chawo kwa telala kutatsala miyezi iwiri ndipo mpingo onse unali ukudziwa kuti akupita ku Zomba.

Lojiyo ndinaipeza pa Facebook pompano, zithunzi zake zooneka bwino, mabedi oyala bwino, makatani oyera. Dzina sinditchula koma ili kunja pang'ono kwa tawuni. Ndinaimba kutatsala masabata atatu, anayankha mnyamata waulemu kwambiri, akuti madamu musadandaule rumu ya mabedi awiri ilipo, bafa ndi toileti mkati momwemo, madzi otentha alipo, K30,000 usiku umodzi, mungotumiza ya tsiku limodzi kuti tikusungireni. Pa Airtel Money paja ukalemba nambala dzina limatuluka usanaike PIN, nde linatuluka dzina la munthu osati la loji ayi. Ndinafunsa, anati ndi nambala ya abwana. Ndinatumiza. Pasanathe mphindi zisanu meseji pa WhatsApp, zafika madamu rumu yanu ndi nambala 7. Ine mtima pansi.

Tsikulo tinanyamuka ku Kasungu 6 koloko mmawa. Ku Lilongwe tinakhala mu depoti maola ambirimbiri kudikira basi idzadze, kenako Dedza, Ntcheu, Chingeni, Balaka, ku Liwonde anatitsitsa kutikweza minibasi ina, mvula inatiyamba titangodutsa Machinga. Tili pa Ntcheu cha m'ma 4 ndinaimba kuwauza kuti tichedwa, mnyamata yemwe uja anati palibe vuto kiyi wanu ali pompano. Tili pa Liwonde ndinaimbanso foni imangoitana osayankhidwa, ine ndimvekere mwina ali bize ndi alendo. Mayi ali ndi zaka 68, ali ndi BP, ndipo akakhala nthawi yaitali pa galimoto miyendo imatupa, pofika ku Zomba nsapato anali atavula kale agwirira m'manja. Tinatenga takisi pa depoti, tinafika pa geti la loji 9 koloko itadutsa.

Pa risepushoni sitinapeze wa pa foni uja. Tinapeza mnyamata wina ali pa mpando miyendo waika pa kauntala akuonera mpira pa foni. Ndinapereka moni, sanadzuke, anangoti eee. Ndinati achimwene tinabukitsa rumu 7, ndinatchula dzina langa. Anakoka buku lija lachikuto cholimba, kutsegula tsamba limodzi, olo kuyendetsa chala sanayendetse, akuti dzina limenelo mulibe ndipo malo adzadza. Ndinatulutsa foni kumuonetsa meseji ya ndalama, kumuonetsa WhatsApp, anangoyang'ana kamodzi nkuti amene munalankhula nayeyo ndi wa masana waweruka, ine sanandisiyire uthenga. Ndinati muimbireni. Akuti ndilibe mayunitsi. Ndinati nayi foni yanga imbani. Foni ya wa masana uja inali yozimitsa tsopano. Ndinati nanga abwana amene ndinawatumizira ndalamawo, nambala ndi iyi, anayang'ana nkuti nambala imeneyo si ya abwana.

Apa nkuti mayi ataima kumbuyo kwanga agwirira jumbo ya chovala chawo pachifuwa kuti isanyowe. Pa risepushoni ponse panali mpando umodzi ndipo anakhalira ndi iyeyo. Mwana woti ndi msinkhu wa mdzukulu wawo, kuona munthu wamkulu ali chiimire opanda nsapato miyendo yotupa, osanena olo kuti agogo khalani apa. Mayi anatuluka okha mwakachetechete, anayala chitenje pa sitepe ya khonde nkukhala pansi, mvula ikuwazira mpaka m'mapazi. Ine kuyang'ana pa bolodi kumbuyo kwa mnyamatayo, makiyi onse achoka pa misomali kupatula umodzi, ndipo pa kathabwa kake panalembedwa 7. Ndinati achimwene kiyi uyo si wa rumu 7? Akuti imeneyo ndi ya munthu wina anabukitsa kale. Ndinati munthuyo ndine. Sanandiyankhe anabwerera ku mpira wake.

Ndiye chimene sindidzaiwala mpaka kufa ndi ichi. Patapita mwina mphindi makumi awiri inalowa galimoto pa geti, anatsika bambo wina wa jekete ndi mkazi wake, nawonso a graduweshoni. Mnyamata uja anadzuka msangamsanga, takulandirani bwana, mpaka kuthamangira kukawanyamulira chikwama, kudutsa pa sitepe pomwe panali mayi anga, chikwamacho chinawagunda phewa ndipo pepani sanapepese. Bambowo anafunsa ndi pakamwa pawo kuti muli ndi malo, ine ndikumva, kutanthauza kuti sanabukitse chilichonse. Anawauza K50,000. Anawerenga ma K5,000 khumi pa kauntala, mnyamata uja anaika mthumba la thalauza osati mu dirowa, resiti osalemba, anatembenuka nkutenga kiyi nambala 7 nkuwapatsa ine ndili pompo. Ndinakuwa anthuni. Sindine munthu wokuwa koma ndinakuwa mpaka anthu anatsegula zitseko kusuzumira. Bambo aja anachita manyazi anati pepani mayi ife sitimadziwa, koma kiyi sanabweze, analowa nkutseka. Mnyamatayo akuti madamu mukusokoneza alendo mukapitiriza ndiitana mlonda akutulutseni. Mayi anandikoka chitenje ali pansi pomwepo, akuti mwana wanga usakangane ndi anthu kwa eni, tiye tikagone ku depoti kucha ndi pompano. Mawu amenewo ndi amene anandiliza, mayi anga oti alera ana asanu ndi ulimi wa fodya, abwera kudzaona mwana wawo akulandira digiri, akagone pa simenti ku depoti ndalama nditalipira.

Ndinaimba malo ena asanu ndi limodzi usiku omwewo, konse kodzadza, paja graduweshoni ikakhalapo Zomba yense amadzadza kuyambira mtawuni mpaka Matawale ndi Chinamwali. Mng'ono wanga amagona kwa anzake ku Chikanda ka rumu kamodzi atsikana anayi, sikukanatheka. Wa takisi uja anali atapita kale.

Amene anatithandiza ndi mlonda yemweyo amene amati atitulutse. Abambo achikulire, jasi yong'ambika. Anabwera ndi mpando wawo wapulasitiki wa pa geti nkuti amayi dzukani pansipo khalani apa, anabweretsanso mbaula yawo kuti aothe. Kenako anapita kwa mnyamata uja anayankhula naye motsitsa mawu nthawi yaitali, sindikudziwa anamuuza chani, koma cha m'ma 11 anabwera ndi kiyi wa ka chipinda kena kuseli kufupi ndi kitchini. Ndipo musaganize kuti anatipatsa ulele ayi, anati tilipire K20,000 pompo chifukwa dipoziti yanuyo ine sindikuidziwa. Ndinalipira, ndikanatani. Ndinapempha resiti akuti buku la maresiti latsekeredwa mu ofesi.

Chipindacho chinali chosungiramo katundu anangoponyamo bedi. Pakona panali makreti a mabotolo ndi matiresi akale atatu oimika, fungo la chinyontho lokhalokha. Bedi limodzi laling'ono, bedishiti yake inali ndi tsitsi la munthu wina ndi madontho, mayi anayala zitenje zawo pamwamba. Neti kunalibe, loko wa mkati kunalibe, ndinatsekera ndi kreti ndi chikwama. Toileti ya panja yogwiritsa ntchito antchito, babu yake yakufa, ndimawaperekeza mayi ndi tochi ya pa foni. Titangozimitsa getsi nsikidzi zinayamba, ndinayatsa tochi kuona mmphepete mwa matiresi zili ndondondo. Ine ndinakhala pa kreti usiku onse ndikuwakupiza mayi udzudzu, iwo anagona mwina maola awiri. Mmawa 5 koloko madzi otentha aja kunalibe, abambo a pa geti omwe aja ndi amene anatenthetsa madzi pa mbaula mu ndowa yachitsulo kuti mayi asambe. Chovala chija ayironi sitinapeze, anavala chokwinyika choncho, ndipo pa zithunzi zonse za tsikulo m'khosi mwawo mukuoneka zotupa za nsikidzi. Zithunzizo zili pa khoma kunyumba ndipo ndikaziona ndimapsa mtima mpaka lero.

Titatuluka ku mwambo ndinabwereranso ndekha kukakumana ndi manejala. Mayi wina wovala bwino, zibangili m'manja. Ndinafotokoza zonse, anamvetsera akuseweretsa foni, pomaliza akuti nambala imene munatumizirayo ndi ya mnyamata wathu wa masana osati ya loji ndiye imeneyo ndi nkhani ya inu ndi iyeyo. Ndinati koma nambala imene ndinaimba ndi imene ili pa peji yanu, anayankha ndi wantchito wanu, pa foni yanu. Akuti tikambirana naye. Mnyamatayo tsiku limenelo sanabwere ku ntchito eti wadwala. Pepani sanatuluke pakamwa pa mayi ameneuja olo kamodzi, za agogo kukhala pa sitepe mu mvula sizinawakhudze mpang'ono pomwe. Nditanena kuti ndikadandaula ku CFTC, bungwe lija limalandira madandaulo a ogula, ndi pamene nkhope inasintha, anatsegula kachikwama kawo nkundipatsa K15,000 ngati akundithandiza. Yotsalayo akuti atumiza. Ndinaimba mwezi wathunthu mpaka anandibuloka.

Chimandinyansa ine nchakuti anthu amenewa amadziwa zimene akuchita. Si kuiwala ayi. Amalandira madipoziti a anthu akutali masabata angapo mmbuyo pa mtengo wa masiku onse, tsikulo likafika aona anthu achuluka amakweza mtengo nkugulitsa rumu yomweyo kwa wobwera ndi kashi, podziwa kuti iwe wa ku Kasungu kapena ku Karonga ufika usiku utatopa, sudziwa munthu, ndipo mawa lake ukubwerera kwanu sungalondole K30,000 pa mtunda onsewo thiransipoti yake ikuposa ndalamayo. Wa masana amadya dipoziti, wa usiku amadya ya pamwamba, manejala amangoti sindikudziwa. Ndipo amayang'ana mmene wafikira, ukatsika galimoto yako ndiwe bwana, ukabwera ndi jumbo ndi mayi wa chitenje ndiwe wovutitsa. Kutchipa kwa malo sikutanthauza kuti munthu asapatsidwe mpando, mlonda uja amalandira zochepa kuposa onsewo koma ndi amene anali ndi umunthu.

Komabe asisi ndisakunamizeni, nthawi ya graduweshoni mukapita opanda kubukitsa mugona panja zenizeni, ndiye kaya, tumizani koma pang'ono, osapitirira theka la usiku umodzi. Dzina likatuluka la munthu osati la loji imani kaye, funsani akaunti ya ku banki kapena nambala ya bizinesi, akakana asiyeni. Auzeni alembe dzina lanu m'buku lawo lija ndi tsiku ndi nambala ya rumu ndi mtengo, ajambule tsambalo akutumizireni, komanso mutenge nambala ya manejala weniweni mulankhule naye. Olo kuti ine maskirinishoti ndinali nawo onse ndipo sanandithandize kanthu usiku umenewo, koma mawa lake, pamodzi ndi kutchula CFTC kuja, ndi amene anandibwezetsera ka K15,000 kaja. Ngati muli ndi mwana wanu kapena wachibale ku Zomba konko ndiye bwino kwambiri, apite yekha masana akalipire pamanja, alandire resiti, alowe mu rumumo akweze matiresi aone mmphepete, atsegule mpope aone ngati madzi akutuluka, ayese loko, ndipo tsikulo akatenge kiyi 12 koloko masana akhale naye mthumba. Ife tikanachita zimenezo mng'ono wanga anali pompo pa Chikanda, sitinaganize chabe.

Ndipo musafike usiku ndi munthu wamkulu. Ngati mukuchokera kupitirira Lilongwe nyamukani kutatsala masiku awiri mugone panjira kwa achibale, kapena muyang'ane malo ku Liwonde, ndi pafupifupi ola limodzi kufika ku Zomba, mukhoza kudzuka 4 koloko nkufika nthawi yabwino. Tengani zitenje zokwanira zoyala pa bedi, neti ngati muli nayo, mankhwala opopera udzudzu ndi tochi. Ife usiku wachiwiri sitinagonenso kumeneko, tinakwera minibasi madzulo omwewo kukagona kwa azakhali ku Balaka.