Andiitana ku lesitilanti ya Ayuda, ndikachite bwanji?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene amasamalira gogo wachiyuda ku Johannesburg. Ana a gogoyo amuitana kuti akadye nawo pa lesitilanti ya banja lina chakufupi ndi Glenhazel mumzinda womwewo, yophika zakudya za ku Levant, ndipo amuuza kuti ndi ya kosher, kutanthauza yotsata malamulo a Chiyuda a zakudya. Funso lake ndi ili: "Kodi kosher ndi halal yomweyo? Nanga ndikachite bwanji kuti ndisakakhumudwitse eni ake?"

Achemwali, pitani ndithu, musachite mantha. Malamulo a kosher ndi ambiri, koma pafupifupi onse ndi mtolo wa ophika. Inu mlendo zokukhudzani sizikwana n'komwe zala za dzanja limodzi.

Kosher ndi halal zimafanana pokana nkhumba ndi magazi, koma si chinthu chimodzi. Gwero la kosher mulipeza m'Baibulo lanu lomwelo, pa Levitiko 11. Nyama iyenera kukhala yobzikula komanso yogawanika ziboda, monga ng'ombe, mbuzi ndi nkhosa. Nsomba ikhale ya zipsepse ndi mamba, ndiye kuti chambo chiloledwa koma mlamba ndi kampango ayi. Wopha nyama ndi munthu amene anaphunzira ntchitoyo, amamutcha shochet, ndipo nyamayo amaiviika m'madzi theka la ola, n'kuithira mchere kwa ola limodzi kuti magazi atuluke. Mukalowa, yang'anani pakhoma pafupi ndi khomo, mudzaona satifiketi ya Beth Din, khoti la atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda limene limatsimikiza kuti khitchiniyo ikutsata malamulo.

Chachikulu choti mugwire ndi ichi: nyama ndi mkaka sizikumana. Lamulo limachokera pa Eksodo 23:19, pomwe akuletsa kuphika mwana wa mbuzi mu mkaka wa mayi wake. Choncho lesitilanti imakhala ya nyama kapena ya mkaka, ndipo miphika, mbale, mipeni, zonse n'zosiyana. Ine ndinaphunzira izi ku Golders Green, mu London, pa malo ena a banja ngati amenewa. Nditatha kudya nyama ya nkhosa ndinapempha tiyi wamkaka monga tinazolowera kwathu. Mayi mwini malo sanakwiye. Anandigwira paphewa, nandiuza kuti m'nyumba imeneyo mkaka sulowa ngakhale dontho, kenaka anabwera ndi tambula ya tiyi wotentha momwe munali masamba a mint obiriwira. Anandifotokozeranso kuti kwawo akadya nyama amadikira maola 6 asanalawe chilichonse cha mkaka. Ndiye inu, ngati lesitilantiyo ndi ya nyama, musakapemphe tchizi, batala kapena yogati. Musalowenso ndi chakudya chochokera kunja, ngakhale keke yoti mupatse gogoyo, chifukwa ikakhudza mbale zawo mwawapatsa ntchito yaikulu. Mphatso ikakhala ya maluwa palibe vuto.

Tsopano ku chakudya chenichenicho, komwe mtima wanga uli. Levant ndi chigawo cha Syria, Lebanon, Jordan, Israel ndi Palestine, ndipo kadyedwe kake simudzakaona kachilendo kwenikweni. Amayamba n'kudzaza tebulo ndi timbale ting'onoting'ono, aliyense n'kumapisa momwemo ndi buledi wa pita, monga timachitira ndi mbamu ya nsima m'mbale ya ndiwo. Hummus ndi tchana chophika n'kupera pamodzi ndi chitowe, mandimu ndi adyo. Chitowe choperacho amachitcha tahini, ndipo m'khitchini ya nyama ndicho chimagwira ntchito ya mkaka, amathira pa nyama yowotcha, pa falafel (timipira ta tchana tokazinga), paliponse. Baba ghanoush ndi mabiringano owotcha pamoto mpaka khungu kupsa, ndiye fungo la utsi limamveka m'kamwa. Mukaona dzina loti bamia pa menyu, ameneyo ndi therere lobala lophika mu tomato, lopanda soda, losatelera ngati lathu.

Ngati pali kibbeh, musaisiye. Ndi tirigu wosinja woumba ngati dzira losongoka, m'kati mwake muli nyama yogaya ndi anyezi, n'kukazinga mpaka kunja kukhale khwirikhwiri. Ayuda ochokera ku Aleppo, mzinda wa ku Syria, amadziwikanso ndi kuphikira bwemba, yemwe uja tinkatola tili ana. Amamuwiritsa mpaka atakhala phala lakuda lowawasa, n'kusakaniza ndi nyama ya pa lahmajin, timabuledi topyapyala tozungulira. Nditalawa koyamba ndinakhala chete kanthawi, chifukwa lilime linazindikira kukomako mutu usanakumbuke dzina.

Chenjezo langa n'lakuti musakhutire timbale toyambato. Nyama yowotcha ndi mpunga zimabwera pambuyo, ndipo pamalo a banja mbale ikabwerera yodzaza, mayi wa kukhitchini amatuluka kudzafunsa chomwe chalakwika.

Mudzaona ena akudzuka kupita pa sinki, kuthira madzi m'manja ndi kapu ya zigwiriro ziwiri, kenaka n'kubwerera osalankhula mpaka atadalitsa buledi ndi kuluma. Akapanda kukuyankhani pa nthawi imeneyo si mwano ayi. Inu simukakamizidwa kutero, ingodikirani ayambe ndiwo. Valani monga mumavalira popita ku tchalitchi, ndipo bambo wovala kachipewa ka kippah akapanda kukupatsani dzanja, mpatseni moni wapakamwa basi, ena mwa opembedza kwambiri sagwirana chanza ndi mayi amene si mkazi wawo.

Mukafuna kudzabwererako panokha, kumbukirani kuti amatseka Lachisanu masana, dzuwa lisanalowe, chifukwa cha Sabata, ndipo Loweruka lonse masana chitseko n'chotseka. Mukapitako mudzandilembere, ndikufuna kumva ngati bwemba uja munamupeza.