Ya bokosi kapena ya magetsi? Yankho kwa mayi wofuna kugulira mwana gitala

Mayi wina wa ku Zomba wanditumizira imelo, ndipo ndaifupikitsa motere: "Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 9 ndipo sakundigonetsa tulo, akufuna gitala. Chamukopa ndi mnyamata amene amayimba gitala ya magetsi kutchalitchi kwathu. Malume ake akuti ayambe kaye ndi ya bokosi kuti zala zikhwime, ya magetsi ndi ya odziwa kale. Ndalama ndili nazo zogulira imodzi basi. Ndigule iti?"

Zikomo mayi polemba. Mugulireni ya bokosi yaing'ono, ya saizi ya 3/4, ya nsambo za nayiloni. Ndafika pamene afika malumewo, koma njira yathu ndi yosiyana, ndipo chifukwa chimene iwo apereka ndikuchikana.

Zoti mwana ayambe ndi gitala yolimba kuti zala zikhwime ndimazimva kawirikawiri. Zala zimakhwima pa gitala iliyonse, bola mwana aziigwira tsiku ndi tsiku. Pakatha milungu iwiri, itatu kapena inayi, khungu la kunsonga kwa zala limakhala litalimba ndipo ululu umachepa wokha. Gitala yolimba kwambiri siifulumizitsa zimenezi. Imangochititsa kuti mwana azizemba, lero akuti ndatopa, mawa akuti ndili ndi homuweki, mpaka gitala ija n'kukakhala pamwamba pa wadilopu.

Muwauzenso malume, mwaulemu ndithu, kuti ya magetsi ndiyo yofewa ku zala kuposa ya bokosi imene ambiri timaidziwa. Ya bokosi ilibe choithandiza kumveka. Nsambo zikanjenjemera, zimagwedeza thabwa la pamwamba, thabwalo ndi limene limatulutsa mawu. Kuti thabwa ligwedezeke bwino pamafunika nsambo zonenepa, zokungidwa mwamphamvu. Nsambo zisanu ndi imodzi zachitsulo zimakoka gitala ndi mphamvu ya makilogalamu pafupifupi 70. Ya magetsi ntchito imeneyi ilibe. Pansi pa nsambo pali timaginito timene timatola kunjenjemerako n'kukutumiza ku ampu, chimene ndi chokuzira mawu, ndiye nsambo zake zimakhala zowonda ndipo zimagona pafupi ndi khosi la gitala. Mwana amangodina pang'ono, mawu atuluka.

Apa mwaona kuti magitala amene tikukamba si awiri, ndi atatu. Pali ya magetsi, pali ya bokosi ya nsambo zachitsulo, ndiye pali ya bokosi ya nsambo za nayiloni, imene m'masitolo amailemba kuti classical. Yomalizayi nsambo zake zimakoka ndi makilogalamu pafupifupi 40 okha, ndipo popeza ndi zonenepa ndi zosalala, sizicheka chala ngati waya. Pa zitatuzi, imene imalemetsa ana ambiri ndi ya pakatiyo, makamaka ikakhala yotchipa komanso ya saizi ya munthu wamkulu. Tsoka ilo, ndi imenenso makolo ambiri amagula, chifukwa ndiyo imapezeka msanga.

Nanga ngati ya magetsi ndi yofewa chonchi, bwanji sindikukuuzani kuti mugule imeneyo? Chifukwa mwanena kuti ndalama ndi za chinthu chimodzi, pamene gitala ya magetsi siyenda yokha. Imafuna ampu, chingwe cholumikizira, ndi lamba wokolekera paphewa. Ndalama zomwezo mukazigawa panayi, mudzapeza gitala yosalongosoka ndi ampu yolira ngati njuchi. Kulemera kwake nakonso n'kwina: ya magetsi ya saizi yonse imafika makilogalamu atatu kapena anayi, pamene ya nayiloni siifika ngakhale awiri.

Ndiye pali nkhani ya magetsi enieniwo. Mwana wasukulu nthawi yake yoyimba ndi madzulo, ndipo inu mukudziwa kuti madzulo ena timadya nsima pa kandulo. Ya magetsi yopanda ampu imamveka ndithu, koma monong'ona, ndipo mwana amene wakopeka ndi kulira kwa gitala ya kutchalitchi sangakhutire nazo. Tiampu ta mabatire tilipo. Vox amPlug kamalowetsedwa pa gitala penipeni, kamayendera mabatire awiri a AAA ndipo mwana amamvera m'mahedifoni, zimene aneba angakuthokozeni nazo. Koma kameneko n'kogulanso. Ya bokosi mwana amangoinyamula, kukhala nayo pakhonde kapena pansi pa mtengo wa mango, basi nyimbo yayamba. Nthawi imene amataya pofunafuna chingwe ndi soketi, mnzake wa bokosi wabwereza kale kakhumi kodi ya G (kodi ndi mawu a nsambo zingapo zoyimbidwa pamodzi).

Musaganizenso kuti ya bokosi ndi ya osauka kapena ya oyamba okha. Daniel Kachamba wa ku Chileka anatchuka mpaka ku Ulaya ndi gitala yopanda chingwe cha magetsi, ndipo agogo Giddes Chalamanda akalamba nayo akusangalatsa anthu. Oyimba ambiri a kuno anayambira pa banjo ya chigubu ndi mawaya otola.

Tsopano saizi, chifukwa apa ndi pamene anthu amalakwitsa kwambiri. Ife tinazolowera kugulira mwana yunifolomu yaikulu kuti akule nayo. Pa gitala zimenezi sizigwira. Ikakhala yaikulu, dzanja lamanja limakwera pamwamba pa bokosi phewa n'kutukuka, lamanzere limalephera kufika kumutu, ndipo mwana amazolowera kukhala mopindika. Magitala a ana amalembedwa 1/4, 1/2 ndi 3/4, pamene ya akulu ndi 4/4. Kawirikawiri 1/2 imayenera ana a zaka 5 mpaka 8, ndipo 3/4 a zaka 8 mpaka 11, koma msinkhu wa mwana ndiwo umalamula kuposa zaka. Manambalawa asakusokonezeni: 3/4 siichepa kwenikweni ndi gawo limodzi mwa anayi. Nsambo za classical ya akulu zimatalika mamilimita 650, za 3/4 pafupifupi 580. Kusiyana kwa masentimita asanu ndi awiri kumeneko ndi kumene kumalola kuti kachala kakang'ono kafike pamene kakufunika. Ngati mukufuna dzina loti mufunse, Yamaha ali ndi CGS103A ya 3/4 ndi CGS102A ya 1/2. C40 imene imatchulidwa kwambiri ndi yabwino, koma ndi ya saizi ya akulu.

Ya nayiloni ili ndi zovuta zake, ndisakubisireni. Khosi lake ndi lotambalala, mamilimita 52 kumutu pa ya akulu, pamene la magetsi ndi pafupifupi 42 kapena 43. N'chifukwa chake ndikuumirira pa 3/4, imene khosi lake ndi locheperako. Chinanso, mawu ake ndi ofatsa. Sidzalira ngati ya mnyamata wa kutchalitchi uja, ndipo mwana ayenera kudziwa zimenezi musanalipire.

Ndiye musanapite kusitolo, chitani ichi. Mupempheni mnyamatayo kuti akamaliza maphunziro a kwaya amulole mwana kugwira gitala yake kwa mphindi zochepa, kenako mupezereni ya bokosi kwa mnansi kapena kusukulu, aigwirenso. Muone nkhope yake. Ana ena chimene amafuna ndi gitala basi, iliyonse. Ena chimene chawagwira mtima ndi mawu a ya magetsi enieniwo, ndipo china chilichonse amachiona ngati chilango. Ngati wanu ndi wa gulu lachiwirili, ndisintha yankho: dikirani miyezi ingapo, sonkhanitsani ndalama, mugule ya magetsi yaing'ono monga Squier Mini Stratocaster pamodzi ndi kaampu. Palibe chimene adzaphonye. Magitala onse atatu amatchunidwa mofanana, E A D G B E, ndipo makodi ndi omwewo. Wophunzira pa ina amasamukira pa inzake m'masiku ochepa.

Mukapita njira ya magetsiyo, samalani zinthu ziwiri. Magetsi a kuno ndi a mavoti 230, pamene a ku America ndi 120. Ampu yotumizidwa ndi achibale a kumeneko, kapena yogula pa kaunjika, muwerenge kaye kumbuyo kwake musanailowetse pakhoma, apo ayi idzapsa tsiku lomwelo. Ya ku Joni mavoti ndi ofanana ndi athu, pulagi yokha ndiyo yosiyana. Chachiwiri, nsambo za gitala ya magetsi zimalumikizana ndi waya wa earth kudzera mu ampu. Soketi ikakhala yolumikizidwa mwachinyengo, mwana akhoza kumva magetsi m'zala. Zolowetsa mawaya opanda pulagi n'kutsekera ndi kamtengo, pa ampu ayi.

Pogula, pitani ndi mwanayo, ndipo ngati n'kotheka mutengenso munthu woyimba. Tenganinso bokosi la machesi. Werengani timizere tachitsulo ta pakhosi kuchokera kumutu mpaka ka nambala 12, muone mpata wa pakati pa kamzereko ndi nsambo yonenepa kwambiri. Kamtengo ka machesi n'konenepa pafupifupi mamilimita awiri. Pa ya magetsi, kamodzi kazikwana bwino. Pa ya nayiloni, tiwiri togundanitsa ndiye malire. Mpata ukaposa apo, isiyeni, ngakhale wogulitsa alumbire kuti idzafewa. Yang'ananinso kamtengo kamene nsambo zamangidwapo pamimba pa gitala: kakayamba kumatuka kumbuyo, imeneyo ndi ndalama ina kwa wokonza. Zungulitsani zotchunira zonse zisanu ndi chimodzi muone ngati zikugwira. Timagitala topaka utoto wowala togulitsidwa pamodzi ndi zidole sitisunga tchuni, ndipo mwana amene wadina bwinobwino koma mawu akutuluka okhota amaganiza kuti wolakwa ndi iyeyo.

Chenjezo limodzi limene lingakupulumutsireni gitala yonse: nsambo ya nayiloni ikaduka, wina adzakuuzani kuti ikanipo yachitsulo poti ndi imene ikupezeka. Musalole. Gitala ya nayiloni siinapangidwe kuti ipirire makilogalamu 70 aja, khosi limapindika ndipo kamtengo ka pamimba kamazuka. Gulani paketi ina ya nayiloni tsiku lomwelo muisunge. Nsambo zatsopano za nayiloni zimatamuka kwa sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye mukaona ikusokonekera tchuni pafupipafupi musaibweze, siinawonongeke. Ikani pulogalamu yotchunira pa foni yanu, GuitarTuna kapena ina yotere, mwana aphunzire kutchuna yekha kuyambira tsiku loyamba. Dzuwa la Okutobala ndi galimoto yotsekedwa mawindo zimafewetsa guluu, choncho izikhala pamthunzi.

Ikafika kunyumba musaitsekere m'chikwama pansi pa bedi poopa kuti ikalika. Ikhale poonekera, pamene mwana angaitenge akangoweruka kusukulu. Mphindi 10 kapena 15 tsiku lililonse zimapindula kuposa maola awiri Loweruka lokha. Ndipo mufunseni mnyamata wa kutchalitchi uja ngati angamuonetse makodi atatu, G, C ndi D, chifukwa makolasi ambiri amene mwana wanu amawadziwa kale amayimbika ndi atatu amenewo.