Kodi ndi tizilombo ta m'madzi tikumaliza ana a nsomba?

Bambo ena a ku Bembeke anditumizira imelo. Anakumba dziwe laling'ono m'dimba mwawo, analidzaza madzi, n'kudikira mwezi wathunthu asanathiremo mbewu ya mlamba. Pano tinsombato tikuchepa tsiku ndi tsiku, ndipo akavuula matope akupezamo tizilombo totuwa, tamaso akuluakulu, ta miyendo isanu ndi umodzi. Akufunsa ngati wakubayo ndi ameneyu.

Bambo, n'kutheka ndithu. Zomwe mwafotokozazo ndi ana a tombolombo. Tombolombo amene timamuona akuuluka pamwamba pa dziwe amaikira mazira m'madzi, ndipo mwana wake amakhala miyezi yambiri pansi, atabisala m'matope kapena m'udzu. Kunsi kwa mutu ali ndi chigama chopindika ngati mkono. Ndinayamba ndamuikapo m'beseni limodzi ndi kansomba: anangoti duu osagwedezeka, kansomba katayandikira chigama chija chinatambasuka kamodzi kokha, basi nkhani yatha.

Sali yekha. Pali tina tosambira chagada, pali ana a zikumbu za m'madzi, komanso chachikulu chophwatalala chija chimene chimagwera pa magetsi usiku. Chimenecho chimabaya nsomba n'kuiyamwa. Musachigwire ndi manja, chimaluma mopweteka.

Koma vuto lenileni ndi mwezi munadikira uja. Madzi akakhala opanda nsomba, tizilomboti timaswana n'kukula, ana a nsomba amafika adani atakhwima kale. Ndipo mlamba sulera ana. Nsomba zina zimalera: makumba amasunga ana m'kamwa, chilunguni chimalondera chisa, koma wa mlamba amadzionera yekha. Kwathu kuno kozizira nsomba zimakulanso pang'onopang'ono, ndiye zimakhalitsa pa msinkhu woti n'kugwidwa. Zikatalika ngati chala cha munthu wamkulu, tambiri mwa tizilomboti timazileka, mwinanso n'kusanduka chakudya chawo.

Ulendo wina phwetsani dziwe, liume mpaka pansi pang'ambike, muwaze laimu, kenako mudzaze madzi patatsala masiku ochepa kuti mbewu ifike. Polowera madzi mangani kansalu kosefa. Ngati mungathe, gulani mbewu yokulirapo ngakhale ikwere mtengo.

Pakadali pano lambulani udzu wolowa m'madzi, ndipo m'mawa muzikoka kaukonde ka maso aang'ono m'mbali mwa dziwe. Ena amathira timafuta pamwamba pa madzi. Zimapha tosambira chagada chifukwa timabwera pamwamba kudzapuma, koma mwana wa tombolombo amapumira m'madzi momwemo, mafuta samukhudza. Dizilo ndiye ayi, madzi omwewo mumathirira kabichi.

Chimene ndikukupemphani ndi mtima wonse, bambo: mankhwala opopera tomato ndi mbatatesi asayandikire dziwelo, ngakhale kutsukiramo sipuleya. Amatha kupha nsomba zonse usiku umodzi, ndipo madziwo amatsikira kwa anzanu a kumunsi. Mundilemberenso mutayang'ana m'mbali mwa dziwe ngati muli mapazi a ng'azi kapena ndowe za katumbu, poti nazonso zimadya nsomba.